Pa sitima kuchoka ku Niles mpaka ku Philadelphia, patatsala masabata atatu kuti tivote

Lachinayi, 17 Okutobala 2024. Niles, Michigan

Ndikulemba ndili pa benchi ya pa siteshoni, chikwama ndachipana ndi miyendo. Mnzanga wa kuntchito wandiperekeza pa galimoto yake kuchokera ku South Bend, ndipo ndalama ya mafuta waikana. M'chikwamamu muli ufa woyera, nyemba, usipa umene mayi wina wa kutchalitchi kwathu anabwera nawo kuchokera kumudzi mwezi watha, ndi zitenje zitatu. Mwana wa achemwali anga ali ndi chinkhoswe Loweruka la sabata yamawa ku Philadelphia, ndipo ine ndili m'gulu la ophika. Ndege ndimaiopa, sindibisa. Chifikireni kuno zaka 11 zapitazo ndakwera kawiri kokha, konseko kupita kumaliro. Ndiye ndasankha sitima, ndipo ndizungulira: Dearborn, Toledo, Pittsburgh, kenako Philadelphia. Pali anthu oti ndiwaone m'njiramo.

Unzika wa dziko lino la America ndaupeza chaka chino, choncho pa chisankho cha pulezidenti cha pa 5 Novembala ndidzaponya voti koyamba. Kwathu ku Indiana anthu ayamba kale kuvota, ine sindinapite. Aliyense akudziwa kuti Indiana ipita kwa a Trump, ine ndivote ndisavote. Koma njira imene ndikudutsayi ikupyola m'zigawo ziwiri zimene akuti ndi zimene zidzagamule: Michigan ili ndi mavoti 15 mwa nthumwi zosankha pulezidenti, Pennsylvania ili ndi 19.

A Trump sindikuwaganizira n'komwe. Munthu amene wakhala akunena kuti kusintha kwa nyengo ndi bodza, amene anatulutsa dziko lino m'pangano la ku Paris, sangatenge voti ya mwana wa ku Chilobwe. Amene akundisowetsa tulo ndi Mayi Kamala Harris, wachiwiri kwa pulezidenti Biden, amene akuimira chipani cha Democratic. Ndinawakonda mu 2019 pamene ankafuna kuti chipani chawo chiwasankhe. Ndinkamvera zoyankhula zawo pa foni usiku, odwala anga atagona. Zimene ankanena nthawi imeneyo ndi zimene akunena lero sizikugwirana, ndipo mtima wanga ukufuna kudziwa kuti ndikavota ndivotera uti mwa awiriwo.

M'sitima. Khofi madola atatu, kapu yaing'ono. Ndalumbira kuti mawa ndizinyamula wanga. Pawindo minda ya chimanga chouma, makina akukolola, fumbi lili kobo kumbuyo kwake. Mitengo yafiira, ina yachita chikasu. Pa makomo a m'mbali mwa njanji zikwangwani za a Trump ndi zimene zachuluka, mpaka titayandikira Ann Arbor pamene zatembenuka. Bambo wachikulire amene ndakhala naye anandikwezera chikwama pamwamba osapemphedwa, ndipo atamva kulemera kwake anafunsa ngati muli miyala. Nditamuuza kuti ndi ufa wachimanga, anati agogo ake ankaphika phala la ufa womwewo ku Kentucky.

Lachisanu, 18 Okutobala. Dearborn

Ndagona kwa mnzanga amene tinagwira limodzi ntchito yosamalira okalamba zaka zinayi, asanabwerere kuno kudzasamalira mayi ake. Ndi wochokera ku Lebanon. Mumzinda uno anthu oposa theka makolo awo anachokera kumayiko a Aluya, ndipo ambiri kwawo ndi kumwera kwa Lebanon, kumadera a Bint Jbeil. Zikwangwani za masitolo mumsewu wa Warren zili m'Chiarabu ndi Chingerezi.

Nditangolowa m'nyumba dzulo ndinazindikira kuti ndafika pa siwa. Palibe amene anandiuza. Mipando ya pulasitiki anaindandalika m'mbali mwa khoma, amayi atavala zakuda, khofi wowawa akuyenda m'timakapu ting'onoting'ono, wailesi yakanema ikuonetsa utsi koma mawu atatsitsa. Msuweni wa mnzangayo anaphedwa ndi bomba kwawo ku Lebanon sabata yatha pamodzi ndi mwana wake. Maliro ali kutali, anaikidwa kale, koma kulira kuli kuno. Ndinachita zimene timachita kwathu: ndinavula nsapato, ndinamanga chitenje chimodzi mwa zitatu zija, ndinakhala pansi pafupi ndi agogo. Ndinapereka chipepeso cha madola 20. Anakana kawiri, kachitatu analandira atandigwira dzanja nthawi yaitali.

M'mawa uno mchimwene wa mnzangayo wanditengera kogula buledi wafulati wothira mafuta a olivi ndi zitsamba zimene amazitcha zaatar. Madola awiri umodzi, wotentha, wongochoka mu uvuni. Tili pamzere ndinamufunsa za chisankho. Anayamba wandiyang'ana, kenako anayamba kuwerenga ndi zala.

Mu Febuluwale, iye ndi anthu oposa 100,000 a mu Michigan anavota kuti sakuikira kumbuyo aliyense pa chisankho cha chipani cha Democratic, pofuna kuchenjeza a Biden za nkhondo ya ku Gaza. Pa 3 Malichi, Mayi Harris ataima pa mlatho wa ku Selma ananena kuti anthu a ku Gaza akufa ndi njala ndipo kumenyana kuime msanga, kwa masabata osachepera asanu ndi limodzi. "Tsiku limenelo ndinaimbira mlongo wanga, ndinati mwina pali mmodzi amene akutimva." Mu Julaye, atakumana ndi a Netanyahu, nduna yaikulu ya Israel, ananena kuti sadzakhala chete. Koma pa 7 Ogasiti, pamsonkhano wawo kufupi ndi kuno, achinyamata atakuwa za Gaza, anawayankha kuti ngati akufuna a Trump apambane anene, apo ayi akhale chete iwo akuyankhula. Tsiku lotsatira mlangizi wawo analengeza kuti Mayi Harris sakugwirizana ndi zoimitsa kutumiza zida ku Israel. Ku msonkhano waukulu wa chipani ku Chicago, nthumwi zinagona panja kupempha kuti M'palestina mmodzi yekha apatsidwe mpata woyankhula. Sanapatsidwe.

Ndinamuuza kuti makolo a mnyamata wina wogwidwa ndi Hamas anayankhula pamsonkhano womwewo ndipo ine ndinalira nawo. Anthu pafupifupi 1,200 anaphedwa Hamas itaukira Israel pa 7 Okutobala chaka chatha, nawonso ali ndi amayi awo. Anagwedeza mutu kuvomera. "Sindikukana, mlongo. Akanayankhula onse awiri." Unduna wa zaumoyo ku Gaza ukuti ophedwa apitirira 42,000.

Sakudziwa kuti avotera ndani. Ena mumsewu wawo akuti avotera a Jill Stein a chipani cha Green, ena a Trump kumene, ngakhale akukumbukira chiletso cha 2017 chimene chinatsekera kunja anthu a mayiko angapo a Chisilamu. Meya wa Hamtramck, tawuni yoyandikana ndi kuno, analengeza kale mwezi watha kuti ali kwa a Trump. Ine zimenezi zandiopsa. Koma sindinatsutsane naye, chifukwa pa siwa sitidzudzula wofedwa.

Dzulo nkhani inali yoti mtsogoleri wa Hamas, Yahya Sinwar, waphedwa, ndipo Mayi Harris ali ku Milwaukee anati uwu ndi mpata woti nkhondo ithe. M'nyumba muja palibe amene anadzutsa mutu.

Usiku womwewo. Toledo, Ohio

Basi yochokera ku Dearborn inandisiya pano mdima utagwa, ndipo sitima ya ku Pittsburgh imadutsa cha pakati pa usiku. Chipinda chodikirira n'chachikulu, mabenchi amatabwa, anthu osakwana 30. Ndikuopa kugona chifukwa cha chikwama. Miyendo yatupa. Mtsikana wina wa sukulu ya unamwino wandigawira theka la malo olumikizira tchaja ndipo tagwirizana kuti tizisinthana kuodzera, wina akuyang'anira katundu. Agogo a ku Dearborn anandikulungira mpunga wa mphodza ndi anyezi wokazinga, tadya tonse awiri ndi supuni imodzi ndi foloko imodzi.

Mtsikanayu ali ndi zaka 22 ndipo akuti avotera Mayi Harris chifukwa cha ufulu wa amayi pa nkhani ya pathupi, zinazo akuti ndale ndi momwemo. Ndinamufunsa ngati anamva mawu aja a ku Chicago, oti adzaonetsetsa kuti asilikali a America akhale amphamvu ndi oopsa kuposa onse pa dziko lapansi. Anati anamva, ndipo mayi wofuna mpando umenewo sangachitire mwina, akapanda kuyankhula choncho amati ndi wofooka. Mwina akunena zoona. Ine ndikungoona agogo aja atandigwira dzanja.

Loweruka, 19 Okutobala. Washington County, Pennsylvania

Sitima inafika ku Pittsburgh kusanache. Alamu anga, amuna a mng'ono wanga, anali atafika kale, atavala jekete ya kuntchito yonyezimira. "Alamu, mwayenda bwanji? Chikwama chimenechi mwabweretsa Limbe yonse?" Tinadutsa m'ngalande ya pansi pa phiri n'kulunjika kumwera, mtunda wa mphindi 40.

Ndagona mpaka masana. Mng'ono wanga anaphika nsima ndi usipa uja, ndipo ana ake amene amati sakonda nsomba anamaliza mbale.

Alamu amayendetsa thiraki ya thanki, kutunga madzi kupita nawo ku zitsime za gasi ndi kuchotsako madzi oipa. Madzulo ananditenga kuti ndikaone. Misewu yake ndi yokhotakhota, ya m'mapiri ang'onoang'ono onga a ku Ntcheu, ng'ombe zikudya, nkhokwe zofiira. Ukangokhota umangoona pamwamba pa chitunda asalaza ngati bwalo la mpira, athira miyala, amanga mpanda, mkati muli mathanki ndi mapaipi. Tinaima kunja kwa mpanda. Anandifotokozera kuti amaboola pansi kupitirira kilomita imodzi ndi theka, kenako chitsulo chimakhota n'kuyenda chopingasa m'kati mwa mwala umene amautcha Marcellus. Akatero amapopera madzi osakaniza ndi mchenga ndi mankhwala mwamphamvu kwambiri mpaka mwala ung'aluke. Mchengawo umatsalira m'ming'alu kuti isatsekeke, gasi n'kumatuluka. Imeneyo ndiye fracking imene ili pakamwa pa aliyense kuno. Chitsime choyamba cha mtundu umenewu m'mwala wa Marcellus chinakumbidwa m'boma lomwe lino mu 2004, ndipo lero Pennsylvania ndi yachiwiri kwa Texas potulutsa gasi.

Mu Seputembala 2019, pa wailesi yakanema ya CNN, Mayi Harris atafunsidwa anayankha mosazungulira kuti palibe chokayikitsa, iwo akufuna fracking iletsedwe. Chaka chomwecho anali mmodzi wa maseneta amene anasaina nawo ndondomeko ya Green New Deal, yolimbana ndi kusintha kwa nyengo. Ine mawu amenewo ndinawamva ndekha. Mu 2020, ali wachiwiri wa a Biden pa mpikisano, anati a Biden sadzaletsa fracking. Pa 29 Ogasiti chaka chino anauza mtolankhani Dana Bash kuti nawonso sadzaletsa, ndipo mfundo za mumtima mwawo sizinasinthe. Pa mtsutso wa pa 10 Seputembala ku Philadelphia ananyadira kuti voti yawo, imene inadutsitsa lamulo la Inflation Reduction Act mu 2022 maseneta atalingana, inatsegula malo atsopano okumbapo, ndiponso kuti mafuta okumbidwa m'dziko lino achuluka kuposa kale lonse.

Alamu anaseka nditawawerengera zimenezi. "Alamu, ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Anzanga kuntchito kanema wa 2019 uja ali nayo pa foni aliyense. Sakukhulupirira za lerozi. Ndipo inu amene munakhulupirira za 2019 mwakhumudwa. Ndiye apindula chiyani?" Anawonjeza kuti pulezidenti payekha sangathe kuletsa kukumba pa malo a anthu wamba, ndipo zitsime zambiri za kuno zili pa minda ya anthu. Lonjezo lija linali lovuta kulikwaniritsa kuyambira pachiyambi.

Apa ndi pamene pandivuta, ndipo ndilemba mmene zilili. Namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba ya amayi ku Chilobwe mu Malichi 2023, matope ochokera m'phiri la Soche atakokolola anansi athu amene ndinakula nawo, munthu amene anatumiza ndalama zambiri zomangira nyumba ina anali alamu omwewa. Malata a nyumba imene amayi akugonamo lero anagulidwa ndi ndalama za madzi a m'thanki muja. Ndipo ine ndimakhulupirira asayansi akamati mpweya wochokera ku mafuta, malasha ndi gasi ndi umene ukutenthetsa nyanja, n'kupangitsa anamondwe kubwera ndi mvula yoopsa chotere. Ndinaima pa mpanda paja zonse ziwiri zili mumtima, ndinasowa chonena.

Pobwerera tinaima pa famu ya mayi wina amene alamu amagulako mazira, madola anayi dazeni. Pamunda pawo pali chitsime cha gasi. Anati ndalama za kampani ndi zimene zinapulumutsa famuyo amuna awo atamwalira. M'khonde munali mabotolo akuluakulu a madzi ogula, milumilu. Sindinafunse, iwo anaona maso anga. Anati zidzukulu zikabwera safuna zimwe za pachitsime cha pakhomo. Chaka chatha University of Pittsburgh inatulutsa kafukufuku wosonyeza kuti ana okhala pafupi kwambiri ndi zitsime za gasi amadwala khansa ya lymphoma kuposa anzawo okhala kutali, kasanu mpaka kasanu ndi kawiri. Mayiwo akudziwa zimenezo, ndipo cheke amalandirabe.

Lamulungu, 20 Okutobala. Charleroi

Titaweruka ku tchalitchi alamu anati tikadye ku Charleroi, katawuni ka m'mbali mwa mtsinje wa Monongahela. Ndi kamodzi ka matawuni amene anafota mafakitale atatsekedwa. Tsopano fakitale ya magalasi a Pyrex nayo akuti itsekedwa, anthu pafupifupi 300 atsala opanda ntchito. Zaka zaposachedwa kwabwera anthu ambiri ochokera ku Haiti, ambiri akugwira m'fakitale yolongedza zakudya. Mwezi watha a Trump anatchula tawuniyi ndi dzina pamisonkhano yawo, kunena kuti alendowo aiwononga.

Tinadya mpunga wa nyemba ndi nthochi zokazinga pa kamalo kena, madola 12 mbale yodzaza mpaka ndinanyamula zotsala. Mayi wogulitsa ankayankhula Chingerezi chochepa, koma ataona chitenje cha mng'ono wanga anachigwira n'kumwetulira. Anati chiyambireni kutchulidwa pa wailesi yakanema, ana ake sawalola kusewera panja. Ali ndi mapepala ololedwa kukhala kuno kwa kanthawi, ndipo sakudziwa kuti chaka chamawa adzakhala kuti.

Ndinaganiza za dzanja limene Mayi Harris anakweza lija. Mu Juni 2019, pa mtsutso wa ku Miami, ofuna kuimira chipani anafunsidwa kuti ndani akufuna kuti kuwoloka malire popanda chilolezo kusakhale mlandu wopita nawo kundende. Mayi Harris anakweza dzanja. Khoma la a Trump la m'malire ndi Mexico ankalinena kuti ndi ntchito yachikale yongodzionetsera. Mu Juni 2021 ali ku Guatemala anauza anthu kuti asabwere. Chaka chino akulonjeza kusaina lamulo lokhwimitsa malire limene linakanika ku Senate mu Febuluwale, lowonjezera alonda 1,500 komanso lokhala ndi ndalama zopitirizira khoma. Pa 27 Seputembala, ali ku Douglas, Arizona, ananena kuti wowoloka mozemba adzabwezedwa ndi kuletsedwa kulowa kwa zaka zisanu. Za mfuti nazonso: mu 2019 ankafuna boma ligule mokakamiza mfuti zankhondo zimene zili m'manja mwa anthu, lero zimenezo anazisiya, ndipo mwezi watha anauza Oprah Winfrey kuti wothyola nyumba yawo adzawomberedwa.

Sindikunena kuti malire akhale otseguka. Ndinadikira zaka zambiri, ndinalipira ndalama zambiri, ndinatsata njira yonse. Dziko lililonse limafuna kudziwa amene akulowa, ngakhale ife ku Dedza ndi ku Mwanza timafunsa mapepala. Chimene ndikufuna ndi chakuti mayi wa nthochi zokazinga uja amve wina akumuikira kumbuyo ndi mawu amphamvu ofanana ndi amene akumunyoza nawo.

Usiku ndinaimbira amayi, kwawo kunali kutacha kale mbandakucha, amadzuka molawirira. Akuti mafuta a galimoto asowa, mizere pa mafilingi siteshoni ikufika kutali, minibasi yakwera. Chimanga chavuta chifukwa cha chilala cha chaka chino, chija boma linalengeza mu Malichi kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Ndinawafotokozera za mayi amene akufuna upulezidenti kuno. Anamukumbukira. "Si uja anabwera ku Zambia ife tikadali m'misasa?" Ndi yemweyo. Anafika ku Lusaka kumapeto kwa Malichi 2023, kumene agogo ake aamuna anagwirako ntchito zaka za m'ma 1960, anakaona famu ina kunja kwa mzindawo, nalengeza kuti makampani alonjeza madola oposa 7 biliyoni othandizira Africa kulimbana ndi kusintha kwa nyengo. Ine nthawi imeneyo ndinaona ngati akuyankhula ndi ife. Pa msonkhano wa ku Chicago chaka chino nkhani ya nyengo anaitchula m'chiganizo chimodzi.

Amayi anangoti, "Mwana wanga, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Koma iwe ukavote. Ife kuno mvula yake ndi yomweyo, koma sativotetsa."

Lolemba, 21 Okutobala. M'sitima ya Pennsylvanian

Inanyamuka ku Pittsburgh 7:30 m'mawa. Alamu anandisiya asanapite kuntchito, atandipatsa fulasiki ya tiyi ndi mbatata zophika. Mng'ono wanga ndi ana abwera Lachisanu pa galimoto.

Greensburg, Latrobe, Johnstown. Ku Johnstown mafakitale akale a zitsulo aima m'mbali mwa mtsinje, mawindo osweka. Tisanafike ku Altoona njanji imapinda ngati chiboda cha kavalo potsika phiri, moti uli kumbuyo umaona mutu wa sitima yako yomwe. Anthu anathamangira mbali imodzi kukajambula. Ine ndinatopa, ndinangokhala.

Ndakhala ndi bambo wina amene anali msilikali ku Iraq mu 2004. Dzanja lake lamanzere silipindika bwino. Anandionetsa pa foni kuti lero Mayi Harris ali ku Malvern, kufupi ndi kumene tikupita, pamodzi ndi Mayi Liz Cheney. Bambo awo a mayi ameneyu, a Dick Cheney, anali wachiwiri kwa pulezidenti Bush ndipo anali patsogolo pokankhira dziko lino ku nkhondo ya ku Iraq mu 2003. Nawonso mwezi watha analengeza kuti avotera Mayi Harris, ndipo Mayi Harris anati ndi ulemu kwa iwo. Msilikaliyo anati wavotera chipani cha Democratic kuyambira pamene anabwerako, chifukwa cha nkhondo imeneyo. "Tsopano ndikuona dzina limene linanditumiza kuja lili pa nsanja ya chipani changa." Avotabe, akuti, chifukwa cha zimene zinachitika pa 6 Januwale 2021, pamene otsatira a Trump anathyola nyumba ya malamulo. Koma ananena mawuwo akuyang'ana pawindo.

Kwathu timawadziwa andale osintha mtundu ngati nanzikambe, mpaka tinaika gawo 65 m'malamulo chifukwa cha aphungu odumpha zipani. Koma ndikamaganiza bwino, kusintha maganizo pakokha si mlandu. Ineyo ndasintha Loweruka lapitali nditaima pa mpanda paja. Akanati, "Ndinapita ku Washington County, ndinaona mabanja amene akudya ndi ntchito imeneyi, ndinaona kuti gasi walowa m'malo mwa malasha amene ndi oipa koposa, ndinalakwitsa mu 2019, ndipo ana okhala pafupi ndi zitsime ndiwateteza motere," bwenzi ndikuwomba m'manja. Munthu akatiuza kuti palibe chimene chasintha pamene tonse tinamva ndi makutu athu, amakhala ngati akutiuza kuti sitinamve bwino. Zimenezi n'zimene zikundiwawa.

Kuchokera ku Lancaster, minda ya anthu a chi Amish, ngolo za akavalo, zovala zoyanikidwa pa chingwe chachitali. Tafika ku Philadelphia cha m'ma 3 koloko masana. Mnyamata wina anandinyamulira chikwama pa masitepe onse.

Lachitatu, 23 Okutobala. Upper Darby

Dzulo sindinalembe, tinali pa msika tsiku lonse. Nkhuku, mpunga matumba awiri, kabichi, mafuta ophikira. Achemwali akudandaula kuti ndalama imene anaika pambali yatha zinthu zisanakwane. Nyumba yadzaza, ena tikugona pa matiresi pabalaza. Wailesi yakanema ukangoyatsa, malonda a ndale amatsatana anayi kapena asanu, ena akuonetsa kanema wa 2019 uja, ena akuonetsa Mayi Harris ali ndi apolisi a m'malire.

Usiku uno tinali amayi asanu ndi mmodzi m'khitchini, tikusankha nyemba ndi kusenda anyezi, pamene Mayi Harris ankayankha mafunso a anthu pa CNN kuchokera m'boma lomwe lino la Delaware County, mtunda waufupi kuchokera pano. Mtolankhani Anderson Cooper anawakumbutsa zimene ankanena za khoma. Anayankha za a Trump, kuti analonjeza kuti Mexico ilipira ndipo sinalipire, kenako anati malingaliro abwino sawaopa kulikonse kumene achokera. Mtolankhaniyo anafunsanso. Ine mpeni ndinauika pansi, ndikudikira kuti mwina lero anena chimene chinawasintha. Nkhani inapita kwina.

Achemwali anati, "Iwe, nyembazo sizisankha zokha. Mayiyu akumenyana ndi munthu amene akuti adzathamangitsa anthu mamiliyoni, ukufuna aziulula machimo pa wailesi?" Mayi wina wa ku Chipata amene akutithandiza kuphika anati iye alibe voti, koma akanakhala nayo sakanaganiza kawiri. Mwini chinkhoswe, amene anabadwira konkuno, anati, "Amayi aang'ono, anzanga ambiri sakavota n'komwe chifukwa cha Gaza. Ine ndikuwanyengerera tsiku lililonse, koma ndilibe chowauza chatsopano."

Ndikubwerera ku South Bend Lolemba, njira yomweyo koma osaima. Ndayang'ana kale nthawi imene malo ovotera amatsegula ndipo ndapempha tchuthi cha m'mawa wa Lachiwiri, 5 Novembala. Ndikuganiza kuti ndikudziwa pamene ndidzachonge. Ndalembanso kalata ya masamba awiri yopita ku ofesi ya Mayi Harris, yofotokoza za nyumba ya ku Chilobwe, za siwa ya ku Dearborn ndi mabotolo a madzi a pa famu paja, ndipo mwana wa achemwali walonjeza kundikonzera Chingerezi chake chinkhoswe chikadutsa.

Panopa ndi 11 koloko usiku. Nyemba zili m'madzi, ufa wakwana, koma nkhuku zoti ankhoswe akasinthane Loweruka, tambala ndi msoti wamoyo, sitinazipezebe. Akuti kuli mlimi wina cha ku Lancaster amene amagulitsa zamoyo. Tinyamuka 6 koloko m'mawa.